KUPHIKA MABISIKETI A MANYUCI PA KHOMO

Alimi ambiri a m'dziko la Chipata, Katete ndi Chadiza ali ndi madimba ao m'madambo, ndipo m'mbali mwa mizere ya repu ndi matimati mumaima nzimbe. Kawiri kawiri nzimbezi zimathera m'mano a ana, zina zigulitsidwa pa mseu pa mtengo wocepa, ndipo zotsala zimauma ciriri. Kabuku kano kalembedwa kukudziwitsani inu amai, ndi inunso abambo eni madimba, kuti m'nzimbe zomwezo muli manyuci, ndi kuti ndi manyuciwo mukhoza kuocha mabisiketi okoma, osungika masiku ambiri, ngakhale mulibe uvuni ya magetsi. Nchitoyi siibvuta, koma iri ndi malamulo ace, ndipo wosawasamala amataya ufa wa mtengo wapatali.

Manyuci nciani?

Ku fakitale ya shuga amapsinya nzimbe ndi makina, nasefa madzi ace, nawawiritsa kufikira atalimba ndi kubala timibulu ta shuga. Pamenepo amathira zonse m'cimphika cozungulira ndi liwiro lalikulu, cokhala ndi timaenje tating'ono m'mbali mwace. Shuga atsalira m'kati, koma madzi akuda omata aturukira pa timaenjeto. Madzi amenewa ndiwo manyuci, amene anthu a ku fakitale awacha molasesi. Amawawiritsanso kaciwiri ndi kacitatu kuti acotsemo shuga wotsala, ndipo nthawi iri yonse akawira amanka nada, kutsekemera kumacepa, kuwawa kumaonjezeka. Pa matani 100 a nzimbe pamaturuka matani 10 kapena 12 a shuga, ndi matani 3 kapena 4 a manyuci otsiriza aja akuda bii. Ngakhale otsirizawo, pafupifupi theka la kulemera kwao ndi shuga ndithu, koma shuga wokana kuumbika.

M'dziko la Zambia manyuci ambiri acokera ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, kumene munda waukulu wa nzimbe unayambidwa m'caka ca 1964, ndipo fakitale yace inayamba kugaya mu 1968. Ku Malawi kuli mafakitale a ku Nchalo, m'cigwa ca Shire, ndi ku Dwangwa, kufupi ndi nyanja. Ku Dwangwa kuja, kuyambira 1982, manyuci amawasandutsa mafuta osakaniza ndi petulo wa galimoto. Ena apita kwa oweta ng'ombe. Ndico cifukwa cace manyuci odyedwa ndi anthu sapezeka m'sitolo iri yonse. Kucokera ku Mazabuka kufika ku Chipata, kudzera ku Lusaka ndi pa mlatho wa Luangwa, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700, ndipo wogula amalipira ulendo wonsewo m'mtengo wa botolo.

Pano pali cenjezo limene tisafune kuti mulidumphe. Manyuci ogulitsidwa m'madiramu kapena m'zigubu ku masitolo a zakudya za ziweto si a m'khichini. Sawasefa monga cakudya ca munthu, ziwiya zace sizitsukidwa monga ziwiya za cakudya, ndipo ena amawasakaniza dala ndi urea, yemweyo amene mumathira m'cimanga. M'cifu ca ng'ombe muli tizirombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa urea kukhala cakudya comanga thupi, komabe ngakhale ng'ombe imafa ikadya wambiri nthawi imodzi. Munthu alibe cifu cotere. Wina akakuuzani kuti manyuci onse ndi amodzi, nakugulitsani a m'diramu pa mtengo wocepa, mukane. Gulani okhawo a m'botolo kapena m'citini cotsekedwa, colembedwa kuti ndi cakudya ca anthu, kapena pangani anu anu monga tifotokoza tsopano.

Kupanga manyuci ndi nzimbe za m'dimba

Nthawi yabwino ndi ya cirimwe, kuyambira June kufikira September. Pamene kwazizira ndipo mvula yaleka, nzimbe imasiya kukula, niyamba kusunga shuga m'tsinde mwace. Nzimbe ya m'dzinja iri ndi madzi ambiri koma ndi yosukuluka, ndipo idzakuthetserani nkhuni cabe. Sankhani zokhwima, zopanda mphutsi ndi zosafiira m'kati. Nsonga yace muidule, pakuti ilibe shuga wambiri; ndiyo yoyenera kubzala kapena kupatsa ng'ombe.

Ngati m'mudzi mwanu muli makina opsinyira, muli ndi mwai. Ngati mulibe, sendani nzimbe, muzidule tizidutswa tating'ono, musinje mu mtondo wotsukidwa bwino, ndi kufinya zosinjazo m'nsaru yoyera yolimba. Makoko otsala muwawaze madzi pang'ono, musinjenso ndi kufinyanso. Nchito iyi ndi yolemetsa, sitikubisirani, ndipo ndi bwino kuti mabanja awiri kapena atatu aigwire pamodzi monga acitira popala cimanga. Cacikulu ndi ici: madzi a nzimbe asagone. Amayamba kusasa patangopita maora ocepa, ndipo akasasa shuga wace watayika. Dulani m'mawa, finyani m'mawa, ndipo dzuwa likafika pamutu akhale ali pa moto.

Wiritsani m'ciwiya cacikulu cotambalala kukamwa, cifukwa madzi amauma msanga pamene nthunzi iri ndi malo oturukira. Musagwiritse nchito ndowa ya malata, pakuti madzi a nzimbe amasungunula cokutira cace, ndipo cimeneco cimadwalitsa m'mimba. Koposa zonse musayandikire cigubu kapena citini cimene cinasungapo mankhwala opopera thonje, ngakhale mutacitsuka kangati. Pakuyamba kuwira, thobvu lakuda lobiriwira lidzayandama pamwamba. Liyengululeni ndi cipande, osatopa, kufikira litaleka kubwera, cifukwa thobvulo likatsalira manyuci adzawawa ndi kununkha udzu. Pakutha maora awiri kapena atatu madziwo adzasanduka ofiirira, ndipo matubvu ace adzakhala aang'ono ndi olemera. Apa cepetsani moto, nimubvundule kosaleka. Tungani pang'ono ndi supuni, muwaziziritse, ndi kupendeketsa supuniyo: akagwa ngati madzi sanapse, akatsika pang'ono pang'ono nalendewera ngati uci, phulani. Mukapitiriza adzauma gwa, nasanduka cibuma ca shuga. Pa malita 10 a madzi a nzimbe yembekezani lita imodzi ndi theka, kapena kuceperapo. Thirani akali otentha m'mabotolo owiritsidwa ndi ouma, nimutseke zolimba. Ana akhale kutali ndi mphikawo, pakuti manyuci owira amatentha koposa madzi owira, ndipo amamatirira pa khungu.

Misale, imene agogo anali kubzala m'kati mwa cimanga, imapereka manyuci mwa njira yomweyi. Alimi a ku America amalima misale dala cifukwa ca nchito imeneyi.

Zindikirani kuti manyuci a pa khomowa asiyana ndi a ku fakitale. Inu simunacotsemo shuga ali yense, cotero anuwo ndi otsekemera kwambiri, oyererako, ndi osawawasa kweni kweni. Kusiyanaku kudzafuna kuti musinthe muyeso pang'ono, monga mudzaona kutsogoloku. Amene alibe nzimbe angathe kusungunula kapu imodzi ya shuga wofiira m'madzi okwana limodzi la magawo anai a kapu, pa moto wocepa. Kufiira kwa shuga ameneyo ndi manyuci omwe otsalira pa timibulu tace. Mabisiketi ace adzakoma, koma pfungo lace silidzafika pa la manyuci eni eni.

Zofunika ndi miyeso yace

Kapu imene tinena pano ndi ya mamililita 250, yodzaza mosalaza, osati ya mulu. Supuni yaing'ono ndi ya tiyi. Pezani makapu 3 a ufa wa tirigu, umene m'masitolo aucha fulawa, theka la kapu la mafuta a majarini kapena batala, ndiwo magalamu 125, theka la kapu la shuga, theka la kapu la manyuci, dzira limodzi, supuni yaing'ono imodzi ya soda, theka la supuni yaing'ono la mcere, masupuni aang'ono awiri a jinja wopera, ndi supuni yaing'ono imodzi ya sinamoni ngati alipo. Zimenezi zidzakupatsani mabisiketi ngati 40. Jinja wa m'dimba lanu, wosenda, woyanika ndi wosinja, aposa wa m'paketi wokhalitsa pa shelefu. Poyesa manyuci, pakani kaye timafuta m'kapu, ndipo adzatsetsereka onse osatsalira.

Ngati manyuci anu ndi opanga nokha, cepetsani shuga ndi masupuni aakulu awiri, nimuonjeze supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu kapena ya cambiko. Ngati ndi akuda bii a ku fakitale, aja otsiriza, musathire theka lonse la kapu, pakuti adzawawa. Theka la muyesowo likhale manyuci akuda, ndi theka linalo uci kapena shuga wosungunula.

Cifukwa ca ndimu cifunika kucimvetsa, pakuti amai womvetsa ici sadzalakwanso muyeso wa soda. Soda pa yekha satupitsa bwino. Afuna kukomana ndi cinthu cowawasa, ndipo akakomana naco amaturutsa mpweya umene umatsekeredwa mu mtanda nuufewetsa. Yesani kudonthezera ndimu pa soda pang'ono m'mbale, mudzaona akucita thobvu. M'manyuci a ku fakitale muli kuwawasa kokwanira kudzutsa sodayo, koma m'manyuci a pa khomo nkocepa. Soda amene sanapeze cowawasa amatsalira m'bisiketi, ndipo ndiye amene amapatsa kakomedwe konga sopo kamene mumakamva m'zitumbuwa za anthu ena pa msika. Cotero kuonjeza soda sikuonjeza kutupa iai, kungoononga kukoma. Ndiponso Chipata ali pa mtunda woposa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, kumene mpweya ndi wopepukirapo ndipo mtanda umatupa msanga. Supuni yanu ya soda ikhale yosalaza, kapena yopereweza pang'ono.

Mwina mudzafunsa ngati cidulo sicingagwire nchito ya soda. Funsolo ndi la nzeru, pakuti ziwirizi ndi za mtundu umodzi. Kale lomwe, soda asanayambe kugulitsidwa m'masitolo, akazi a ku America anali kutupitsa mikate yao ndi mcere wocokera ku phulusa la mitengo, monga momwe amai athu amachezera cidulo ca therere. Buku la zophika la Amelia Simmons, losindikizidwa mu 1796, linalangiza phulusa loyeretsedwa lotere pa mkate wa manyuci ndi jinja. Manyuciwo anali kucokera ku zisumbu za West Indies, kumene nzimbe zinali kulimidwa ndi akapolo otengedwa ku Africa kuno, ndipo anthu osauka anali kuwakonda cifukwa anali ocipa koposa shuga woyera. Koma cidulo ca lero ndi ca mawa sizilingana mphamvu. Ca zitsononkho ndi ca makoko a nthoci zisiyana. M'ndiwo mumalawa ndi kukonza, koma mtanda ukalowa pa moto sukonzekanso. Paketi ya soda iri ndi mtengo wocepa ndipo ikhalitsa. Gulani soda.

Ufa wa tirigu ndiwo udzakudyerani ndalama zambiri, popeza tirigu salimidwa kweni kweni kuno kum'mawa, koma m'mapulazi othirira a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Mukhoza kuucepetsa. Cotsani theka la kapu la ufawo, m'malo mwace muikemo nsinjiro zosefa za nshawa zokazinga pang'ono, nimucepetse majarini ndi supuni yaikulu imodzi, pakuti pafupifupi theka la nshawa ndi mafuta. Bisiketi ya nsinjiro imakoma koposa, ndipo imamanga thupi la mwana. Dziko lino ndi la nshawa kuyambira kale: mbeu ya Chalimbana inachuka kufikira kutsidya la nyanja, ndipo mbeu zina monga MGV4 ndi MGV5 zinachedwa ndi dzina la Msekera, malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi Chipata. Ufa woyera wa cimanga kapena wa cinangwa, wosefa bwino, ungalowenso m'malo mwa nsinjiro pa muyeso womwewo. Koma musapitirire pamenepo. Mu ufa wa tirigu muli ulimbo umene umagwirizanitsa mtanda, ndipo maufa enawa alibe. Mukawacurukitsa mtanda udzang'ambika pousalaza, ndipo mabisiketi adzanyenyeka m'manja.

Nshawa za nsinjirozo muzisankhe imodzi imodzi. Zonse za cuku, zofota, zoboola ndi zowawa mutaye, osapatsa ngakhale nkhuku. Cuku ca nshawa cimapanga poizoni wochedwa aflatoxin, amene anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa za cuku. Poizoniyu amaononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wa uvuni sumutha. Cizolowezi cogulitsa nshawa zabwino ndi kusinja zotsalira kuti banja lidye ndi coipa, ndipo tifuna citatha.

Kukanda ndi kusalaza

Takasani majarini pamodzi ndi shuga ndi mthiko kufikira zitafewa ndi kuyera. Swerani dzira m'kapu poyamba kuti muone ngati liri labwino, ndipo mulithiremo ndi kutakasanso. Thirani manyuci, pamodzi ndi ndimu ngati muigwiritsa nchito. M'mbale yina sefani makapu awiri ndi theka a ufa pamodzi ndi soda, mcere, jinja ndi sinamoni. Kusefa kumwaza soda ponse ponse kuti asaunjikane malo amodzi. Thirani ufawu m'zamadzi zija pang'ono pang'ono, mukusakaniza kufikira ufa wouma utaleka kuoneka. Mukatero lekani. Uwu si mtanda wa buledi kapena wa mandasi wofuna kukandidwa nthawi yaitali. Kukanda kwambiri kumadzutsa ulimbo uja, ndipo bisiketi imaturuka yolimba ngati cikopa.

Mafuta a saladi, kapena a mpendadzuwa oyenga kumudzi, ndi abwino m'ndiwo ndi m'cikondamoyo, koma pa mabisiketi osalaza amabvuta, cifukwa salimba pakazizira. Ngati mulibe ena, thirani limodzi la magawo atatu a kapu, ndipo dziwani kuti mtandawo udzafuna dzanja lofatsa.

Tsopano mtanda udzaoneka wofewa ndi womata, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjeze ufa wambiri. Apa ndi pamene ambiri amaonongera nchito. Mtandawu sufuna ufa, ufuna kupuma pozizira. Uphimbeni m'mbale, nimuike mbaleyo m'beseni la madzi ozizira a m'mtsuko, kapena pa mcenga wonyowa pa mthunzi, kwa ora limodzi kapena awiri. Amene ali ndi firiji aikemo. Pa nthawiyi mafuta amalimba, ufa umamwa madzi a m'manyuci, ndipo mtanda umene unali kumata zala umasanduka wogwirika ngati dothi loumbira. M'miyezi ya June ndi July izi zicitika zokha. M'mwezi wa October, pamene dzuwa liswa mtengo, kandani mbanda kuca ndi kuocha dzuwa lisanakwere. Popeza muli dzira laliwisi, mtanda usagone usiku kunja kwa firiji, ndipo ana asaunyambite.

Tsukani thebulo kapena thabwa losalala, muliumitse, nimuwazepo ufa pang'ono wocokera pa theka la kapu munasunga lija. Dulani mtanda patatu, mutenge gawo limodzi, enawo atsale pozizira. Cosalazira ndi botolo loyera lopanda pepala. Mukalidzaza ndi madzi ozizira ndi kulitseka bwino, lidzalemera ndi kuziziritsa mtanda pomwe mukugwira nchito. Yambirani pakati kunka kunja, mukutembenuza mtandawo pang'ono pang'ono kuti usamatirire. Kucindikala kwace kukhale mamilimita 5, ndiko kuti ngati timitengo tiwiri ta macesi tosanjikiza, ndipo kukhale kofanana ponse. Njira yosalakwa ndi kugoneka timatabwa tiwiri ta muyeso umenewo, kena kumanzere kena kumanja, kuti botolo liziyenda pamwamba pace. Musayese kuti ici ndi ca maonekedwe cabe: m'ciwaya cimodzi bisiketi yopyapyala idzapserera pamene yocindikala ikali yaiwisi m'kati. Ofuna mabisiketi okhuthuka pansi pa mano apyapyalitse kufika mamilimita 3. Ofuna ofewa, a nkhalamba ndi ana aang'ono, asiye pa 6.

Dulani ndi kukamwa kwa tambula kapena kwa kacitini, mutakuviika mu ufa. Dulani moyandikana kuti zotsalira zicepe, pakuti mtanda wosalazidwa kaciwiri ndi kacitatu umamwa ufa wambiri nuuma. Ngati mufuna kufulumira, dulani ndi mpeni timagawo ta ngondya zinai. Sipadzakhala zotsalira, ndipo mabisiketi otere amalongezeka bwino m'citini.

Moto

Amene ali ndi uvuni ya magetsi kapena ya gasi aitenthetse kufika madigiri 180, ndi kuocha mphindi 8 kufikira 10. Ena tonse uvuni yathu ndi mbaula ndi mphika, monga tiphikira cigumu. Tengani mphika waukulu wa citsulo wokhala ndi cibvundikiro cosalala. Thirani pansi pace mcenga wa kumtsinje, wotsuka ndi wouma, kuzama kwa zala ziwiri. Pa mcengawo ikani timiyala titatu touma, ndipo pa timiyalato padzakhala ciwaya ca mabisiketi, cosakhudza mcenga kapena m'mbali mwa mphika. Ciwayaco cisakhale ca malata kapena ca utoto. Ikani mphika pa makala oyaka bwino, amene ayamba kuyera phulusa, ndi makala ena pa cibvundikiro, nimudikire mphindi 15 kuti m'kati mutenthe. Makala a pamwamba acuruke koposa a pansi.

Musaponye mabisiketi onse pa moto wosayesedwa. Wazani ufa pang'ono pa ciwaya, mubvundikire, ndi kuwerenga mphindi 5. Ufa ukakhalabe woyera, moto wacepa. Ukafiira bwino ngati nshawa yokazinga, moto wakwana. Ukada kapena kufuka, cotsani makala ena. Kuyesaku nkofunika koposa pa mabisiketi awa, cifukwa shuga wa m'manyuci amapserera msanga kuposa shuga wamba, ndipo popeza mtanda ndi wakuda kale, maso sakuuzani kuti wayamba kupserera. Khulupirirani mphuno ndi cala. Pfungo la jinja likadzaza bwalo, bvundukulani mosamala kuti phulusa lisagweremo, nimukhudze bisiketi imodzi: m'mbali ikhale youma ndi yolimba, pakati pakhale pofewa pang'ono koma posasiya cizindikiro ca cala. Phulani pomwepo. Idzalimba yokha pozizira. Wodikira kuti ilimbire pa moto adzaphula makala.

Pakani ciwaya timafuta pang'ono, ndi kusiya mpata wa cala cimodzi pakati pa mabisiketi. Pakati pa nthawi yoocha tembenuzani mphika kuti mbali ya ku mphepo isatsalire. Musanaike mabisiketi ena, ciwaya ciyambe cazizira, cifukwa pa ciwaya cotentha mafuta amasungunuka mtanda usanagwirane, ndipo bisiketi imaphwasuka. Nkwabwino kukhala ndi ziwaya ziwiri zosinthana.

Nchito iyi icitikire panja kapena m'khichini lotseguka. M'miyezi yozizira anthu amakokera mbaula m'nyumba natseka zitseko ndi mazenera, ndipo ena sadzukanso. Makala amaturutsa mpweya wakupha wopanda pfungo ndi wosaoneka. Ukakupwetekani mutu kapena mukamva cizungulire pafupi ndi mbaula, turukani msanga pamodzi ndi ana.

Kusunga, kudya ndi kugulitsa

Yalani mabisiketi pa licero loyera kufikira atazizira konse, mutaphimba ndi kansaru kuopa nchenche. Mukawatsekera akali ofunda adzacita thukuta, ndipo cuku cidzatsatira. Citini cikhale couma ndi cotseka zolimba, ndipo cikhale pa mbale ya madzi kapena ya phulusa kuti nyerere zisakwere. M'cirimwe adzakhala bwino masabata awiri, ndipo pa tsiku laciwiri amakoma koposa loyamba, jinja atalowerera. Manyuci ali ndi khalidwe lokoka cinyezi ca mumpweya. Ici ndico cimene cimaletsa mabisiketiwa kuuma gwa, komanso ndico cimene cimawalobvya m'dzinja. Akafewa, abwezereni m'mphika wofunda kwa mphindi zitatu kapena zinai.

Mudzamva ena akunena kuti manyuci ndi mankhwala oonjeza mwazi. Nzoona kuti m'manyuci akuda muli ayironi, kashiamu ndi potaziyamu, zimene shuga woyera alibe. Koma theka la kapu logawidwa pa mabisiketi 40 lipereka kakang'ono ndithu pa bisiketi imodzi. Mai wa pakati wosowa mwazi apite ku kiliniki, nadye nyemba, ciwindi, usipa ndi ndiwo za masamba. Wodwala matenda a shuga adziwe kuti manyuci ndi shuga yemweyo. Kwa mwana wa sukulu woyenda mtunda wautali m'mawa, mabisiketi awiri a nsinjiro m'thumba ndi kamba wabwino, koma sangalowe m'malo mwa phala, ndipo atsuke mano madzulo.

Amene mufuna kugulitsa, ku Kapata, ku Saturday Market kapena pa cipata ca sukulu, yambani mwafunsa oyang'anira za umoyo a ku khonsolo za cilolezo ca ogulitsa zakudya. Kenaka tengani pensulo. Lembani mtengo wa ufa, majarini, shuga, dzira, jinja, makala, mapepala okulungira ndi ulendo wa ku tauni, ndipo manyuci anu muwaikirenso mtengo ngakhale simunawagule, pakuti nzimbezo mukadagulitsa. Gawani zonsezo ndi 36, osati 40, popeza ena adzasweka ndipo ena adzalawidwa ndi a m'nyumba. Cimene mwapezaco ndi mtengo wa bisiketi imodzi musanapindule kanthu. Amai ambiri amaika mtengo poyang'ana wa mnzao wa zitumbuwa, ndipo pakutha mwezi amadabwa kuti mpamba wapita kuti.

Samalaninso nyengo. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, umacitika kumapeto kwa August, pamene nzimbe ziri pa cimace pa kutsekemera ndipo mpweya ndi wouma. Mabisiketi oochedwa masiku atatu m'mbuyo adzafika ali bwino. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni umagwa kumapeto kwa February, m'kati mwa mvula, pamene nzimbe ndi zosukuluka ndi nkhuni ndi zonyowa. Wofuna kukagulitsa kumeneko asunge mabotolo a manyuci a m'cirimwe pa malo amdima ozizira, awayang'ane mwezi ndi mwezi, ndi kutaya botolo liri lonse locita thobvu, cuku kapena pfungo la mowa. Mabisiketi ace aoche dzulo lace la ulendo, nawanyamule m'citini cotseka, nazitsegula pokha pokha wogula ataima patsogolo pace.